Mwana wanga satembenuka ndikamuitana, ndidikire akwane zaka 3?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Santhe. Akuti: "Mwana wanga wamwamuna ali ndi chaka ndi miyezi 10. Ndikamuitana dzina satembenuka olo nditakuwa, koma njinga yamoto ya bambo ake ikangolira amathamangira pakhomo. Kale ankati mama ndi tata koma pano anasiya. Tsiku lonse amangokhalira kundanda zitsekerero za mabotolo, wina akasuntha chimodzi nde kulira kwake. Apongozi akuti ana aamuna amachedwa, bambo akenso anayankhula mochedwa. Ena akuti ndi katemera wa chikuku uja, ena akunong'ona zoti bambo ake anamukhwimira poti fodya watiyendera bwino. Ndinaona za autism pa Facebook ndipo sindikugona tulo. Kodi mwana wamng'ono chonchi angapimidwe kapena ndidikire akwane zaka 3?"

Mayi, musadikire. Mwana wa miyezi 22 ali pa msinkhu weniweni woti aunikidwe, simunafulumire ayi. Ine ndimagwira ntchito ndi ana ochedwa kakulidwe kuno ku Kasungu, ndipo chimene chimandiwawa kwambiri ndi ana amene amatipeza ali ndi zaka 6 aphunzitsi atawabweza ku sitandade 1, mayi ake nkumati ine ndinaona kalekale mwanayu ali kumsana koma aliyense ankangoti dikira.

Sindinganene pano kuti mwana wanu ali ndi autism, palibe angatero asanamuone ndi maso. Koma pa zomwe mwalembazo pali zinthu zoti munthu wa zaumoyo aliyense akamva ayenera kuika cholembera pansi nkumvetsera, makamaka zoti mawu amene anali nawo anasiya.

Autism si matenda oti mwana amachita kutenga kwa wina, komanso si misala. Ndi mmene ubongo wa mwanayo ukukulira, ndipo zimayamba mwana akadali m'mimba, kungoti zizindikiro zimadzaonekera pa msinkhu umene timayembekezera kuti ayambe kucheza ndi anthu. Zimakhudza mmene mwana amalumikizirana ndi anzake, mmene amauzira anthu zomwe akufuna, komanso amakonda kubwereza chinthu chimodzimodzi ndipo zikasintha amavutika mtima zedi. Ena phokoso limawapweteka, ena amakana zakudya zina chifukwa cha mmene zimamvekera mkamwa. Anawa safanana, wina amadzayankhula bwinobwino nkuphunzira mpaka ku koleji, wina amafuna chithandizo moyo wake wonse, ambiri ali pakatipa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse ali ndi autism, ndiye pa sukulu ya pulayimale ya ana 1,000 mukhoza kuyembekezera ana ngati 10. Ku America komwe amaunika kwambiri, lipoti la 2025 la bungwe la boma loona za matenda la CDC linapeza mwana mmodzi pa ana 31 a zaka 8. Anyamata amapezeka nayo kuposa atsikana, pafupifupi katatu kapena kanayi. Si za azungu okha ayi, kwathu kuno anawa alipo, kungoti timawatchula mayina ena, wosamva, wamwano, wopepera, nkuwatsekera m'nyumba kukabwera alendo.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse bwino, chifukwa anthu ambiri amangoyang'ana kuyankhula basi. Ife tikamaunika mwana wa msinkhu umenewu, kuyankhula si chinthu choyamba. Timayang'ana ngati mwanayo amafuna kugawana nanu zomwe waona. Mwana wa chaka ndi theka ndege ikamadutsa kumwamba amaloza ndi kachala, kenako amatembenuka kuyang'ana nkhope yanu ngati akuti amayi mwaiona? Kutembenuka kumeneko ndiye nkhani yonse. Sakufuna kuti mumupatse ndegeyo, akungofuna muione limodzi. Atola nthenga ya nkhuku pabwalo amabwera nayo kudzakuonetsani, osati kuti mumuthandize kanthu, angofuna muone. Galu wachilendo akalowa pakhomo amayamba wayang'ana inu kuti aone ngati mukuchita mantha. Mwana amene ali ndi autism nthawi zambiri zimenezi sachita kapena amachita mwa apo ndi apo. Akafuna madzi amakugwirani dzanja nkukukokerani pa ndowa, nkuika dzanja lanulo pa chivindikiro osakuyang'anani kumaso nkomwe. Amayi ambiri amaona ngati ndi nzeru, ndipo inde ndi nzeru, wapeza njira yake, koma kwa ife ndi chizindikiro.

Nde yesani izi kunyumba masiku angapo, nthawi imene mwana wakhuta ndipo sali ndi tulo. Imani kumbuyo kwake mumuitane dzina ndi mawu wamba, osamugwira, osawomba m'manja. Mwana wofika chaka chimodzi amayenera kutembenuka nthawi zambiri. Lozani mbuzi ili patali nkunena kuti taona mbuzi iyo, muone ngati maso ake atsata komwe mwaloza kapena angoyang'ana chala chanu, kapena osalabada nkomwe. Onani ngati amakutsanzirani, mukamasesa iye nkutola kamtengo kumasesa naye, mukamawomba m'manja iye nkuwombanso, mlendo akamapita nkumubayibitsa. Onaninso masewera oyerekeza, kubereka chitsononkho kumbuyo, kuphika dothi m'kachitini nkukupatsani kuti mudye, kuika silipasi kukhutu ngati foni. Pofika miyezi 18 ana ambiri amakhala atayamba zimenezi. Zitsekerero za mabotolozo pazokha si vuto, ana onse amatolera tizinthu. Funso ndi loti amachita nazo chani, amaziyesa magalimoto kapena ndalama zogulira mandasi, amakuitanani kuti muone, kapena ndi mzere womwewo tsiku ndi tsiku ndipo munthu asayerekeze kulowererapo.

Za apongozi, musakangane nawo, mbali ina akunena zoona. Alipo ana ochedwa kuyankhula amene amadzayankhula bwinobwino, ndipo mwina bambo a mwanayu anali mmodzi wa iwo. Koma mwana wongochedwa kuyankhula amalankhula ndi thupi lonse, amaloza, amagwedeza mutu, amakukokani nsalu nkukuyang'anani m'maso, mukamutuma kuti katenge nsapato za adadi amapita kukatenga. Pakamwa pokha ndi pomwe pachedwa. Muwafunse mwaulemu apongoziwo kuti kodi mwana wawo uja ali wamng'ono ankatembenuka akaitanidwa, ankaloza zinthu? Mwina muona kuti nkhani ziwirizi ndi zosiyana. Madokotala a ana amagwirizana pa malire awa: mwana wofika miyezi 12 osabwebweta komanso osaloza kapena kubayibitsa, wofika miyezi 16 opanda liwu olo limodzi, wofika miyezi 24 osalumikiza mawu awiri ngati "mama madzi", ameneyo aonedwe. Ndipo mwana wa msinkhu uliwonse akataya zomwe ankatha kale, apo sitidikira olo mwezi umodzi. Pa ana a autism, pafupifupi mmodzi pa anayi aliwonse amayamba bwino kenako nkusiya mawu, kawirikawiri pakati pa miyezi 15 ndi 24, ndendende msinkhu wa mwana wanu.

Koma kutaya mawu kuli ndi zifukwa zinanso, nchifukwa chake ndikulimbikira kuti akaonedwe kuchipatala. Kuno kwathu malungo a muubongo amasiya ana ena atasiya kuyankhula kapena kumva, matenda oumitsa khosi chimodzimodzi. Khunyu nayonso, makamaka ija yosagwetsa imene mwana amangoti duu kwa masekondi angapo maso ali gwa kenako nkupitiriza kusewera. Ngati mwana wanu anagonekedwapo ndi malungo akulu, anakomokapo, anabadwa masiku asanakwane kapena anachedwa kulira pobadwa, zonsezo mukanene.

Ndipo makutu ayezedwe, izi zisaphonyeke. Ndikudziwa munena kuti amamva njinga yamoto. Kulira kwa njinga ndi phokoso lalikulu lokhuthala, mwana wosamva bwino akhoza kulimva koma mawu a munthu nkumamudutsa. Mwana amene amatuluka mafinya m'khutu pafupipafupi amathanso kumva mwa theka. Kuwomba m'manja kumbuyo kwa mwana si kuyeza makutu, pali makina ake amene amayeza olo mwana asakuyankhula. Ku Lilongwe kuli kiliniki ya makutu ya ABC ku Area 47, ndipo a chipatala akhoza kukulemberani kalata yopita komwe kuli makinawo. Ndikuuzeninso kuti kumva njinga koma osatembenukira dzina lake ndi zomwe timaziona kawirikawiri kwa ana a autism, khutu limagwira ntchito koma mawu a anthu samukoka. Ndiye mbali zonse ziwiri ziyenera kufufuzidwa.

Mwafunsa ngati mwana wamng'ono chonchi angapimidwe. Eya. Palibe kutenga magazi, palibe jakisoni, palibe sikani imene imaonetsa autism. Pali fomu ya mafunso yotchedwa M-CHAT-R/F, anaikonza Diana Robins ndi anzake Deborah Fein ndi Marianne Barton ku America, ndipo ndi ya ana a miyezi 16 mpaka 30. Ili ndi mafunso 20 oyankha kuti eya kapena ayi, amayankha ndi kholo, mphindi 10 sizikwana. Mafunso ake ndi omwe ndafotokoza aja, kuloza, kutembenukira dzina, kutsanzira, kuonetsa zinthu, kusangalala ndi ana ena. Mayankho odetsa nkhawa akakhala 0 mpaka 2 chiopsezo ndi chochepa, akakhala 3 mpaka 7 wazaumoyo amafunsanso mafunso ena ozama pa mfundo zomwezo, akakhala 8 kupita mtsogolo mwana amatumizidwa kwa akatswiri nthawi yomweyo. Bungwe la madokotala a ana ku America limati mwana aliyense aunikidwe pa miyezi 18 ndi 24, olo makolo asakudandaula kanthu. Fomuyi imapezeka pa intaneti mwaulere.

Chonde musaitenge ngati chigamulo. Ili ngati kalamba kaja timayeza pamkono ku sikelo, kakafika pofiira sikanena kuti mwana akudwala chani, kamangotiuza kuti uyu asabwerere kunyumba asanaonane ndi adokotala. Pa kafukufuku wa eni fomuyi, mwa ana amene anaonetsabe chiopsezo atafunsidwa kachiwiri, pafupifupi theka ndi amene anapezeka ndi autism, koma pafupifupi onse anali ndi kuchedwa kwina kofunika chithandizo. Ndiye ulendowo sutayika pachabe.

Mafunso ena analembedwa poganizira nyumba za kunja, amafunsa za makina osesera m'nyumba ndi masitepe. Inu muganize za chigayo, wailesi ya paukwati, kukwera pa mtondo kapena pakhonde. Pali funso la kuyang'ana m'maso limene limasokoneza makolo ambiri, amati ife timaphunzitsa ana kuti asamayang'ane akulu m'maso. Zoona, koma mwambo umenewo mwana amauphunzira atakula, wa chaka ndi miyezi 10 amayang'ana mayi ake m'maso akamayamwa, akamasambitsidwa, akamaseka. Tilinso ndi chida chathu cha konkuno chotchedwa MDAT, anachikonza Dr Melissa Gladstone ndi anzake poyeza ana a ku Malawi ndipo chinasindikizidwa mu 2010. Chimenechi si cha autism yokha, chimayeza kuyenda, kugwiritsa ntchito manja, chiyankhulo ndi kucheza ndi ena, pogwiritsa ntchito zinthu zomwe mwana wakumudzi amazidziwa.

Ku sikelo mzere umakhala wautali, alangizi a zaumoyo ali ndi ana ambirimbiri oti awakweze, katemera, mavitamini, ndiye mukangokhala chete mwana wonenepa bwino ngati wanuyo angolembedwa kuti ali bwino nkumapita. Muyankhule ndinu. Ndipo musangoti mwanayu sayankhula, chifukwa yankho lake mukulidziwa kale, ayankhula. Munene kuti mwanayu ankatchula mawu awiri ndipo anasiya mwezi wakuti, satembenuka ndikamuitana, ndikufuna aonedwe ndi a kiliniko ndipo makutu ayezedwe. Pemphani kuti zilembedwe m'buku lake la kuchipatala ndi deti lake. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani timavidiyo tifupitifupi, kamodzi mukumuitana, kena akundanda zitsekerero zija, kena ali pakati pa ana anzake, chifukwa mwana akalowa m'chipinda cha dokotala amangolira kapena kukakamira kumsana ndipo zenizeni sizioneka. Kuchokera pa chipatala chaching'ono akutumizani ku chipatala chachikulu pa boma, kumeneko mufunse a fizio ndi anesi oona za maganizo, musaope dzinalo, ndi amene anaphunzira za kakulidwe ka ubongo. Zikafunika amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komanso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza ana otere. Akatswiri oyankhulitsa ana m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, sindikubisirani, mwina mudikira ndipo thiransipoti idya ndalama. Wina akakubwezani kuti mudzabwere akadzakwana zaka 3, pitani tsiku lina mukaonane ndi wina.

Za katemera, mtima wanga umawawa chifukwa bodza limeneli lapha ana. Linayamba mu 1998 pomwe dokotala wina wa ku Britain, Andrew Wakefield, analemba za ana 12 okha nkunena kuti katemera wa chikuku akukhudzana ndi autism. Zinadzapezeka kuti anachita zachinyengo, magazini ya madokotala ya Lancet imene inasindikiza nkhaniyo inaichotsa mu 2010 ndipo iye analandidwa chiphaso cha udokotala chaka chomwecho. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000, zotsatira zinatuluka mu 2019, obayidwa ndi osabayidwa panalibe kusiyana pa autism. Chimene chimasokoneza anthu ndi nthawi. Kuno katemera wachiwiri wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 15, ndipo miyezi yomweyo ndi imene zizindikiro za autism zimayamba kuoneka, kaya mwana wabayidwa kaya ayi. Pitirizani katemera, kwa uyu ndi kwa ang'ono ake.

Zokhwimazo ndazimva kambirimbiri, munthu akangogula njinga kapena kukhoma malata fodya atagulitsa bwino, mwana wake nkukhala ndi vuto, basi mudzi wonse wapeza nkhani. Mabanja amatha ndi nkhani imeneyi mayi, ndipo amene amavutika ndi mwana yemweyo. Ana a autism amabadwa kwa olemera ndi osauka, kwa abusa, kwa aphunzitsi, ku Japan ndi ku Chamama komwe. Gawo lalikulu limachokera ku chibadwa cha makolo onse awiri, nchifukwa chake banja likakhala ndi mwana mmodzi wa autism, mng'ono wake amakhala ndi mpata pafupifupi umodzi pa 5 wokhala nayonso, ndiye wotsatirayo mudzamuyang'anitsitse msanga. Kubadwa masiku asanakwane, kubadwa wochepa thupi kwambiri, kubanika pobadwa, kubereka makolo atakula, komanso mankhwala a khunyu otchedwa valproate akamwedwa mayi ali woyembekezera, zimawonjezera mpatawo. Si chifukwa choti munalakwitsa kulera, si tsempho, si kuti munamusiyitsa bere msanga. Chonde asamuteme mphini, ndipo wina asamudule pansi pa lilime pofuna kuti ayankhule, ana amataya magazi ndi kutenga matenda pa zinthu zoti sizithandiza. Palibe mankhwala a m'botolo, achikuda kapena achizungu, amene amachotsa autism, wokuuzani kuti ali nawo akufuna ndalama za fodyazo. Kupemphera pempherani, ine ndimapempheranso, koma buku la kuchipatala likhale m'chikwama.

Chifukwa chimene timathamangira nchoti zaka zitatu zoyambirira ubongo umaphunzira msanga kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo ana amene ayamba kuthandizidwa pa msinkhu umenewu amapita patsogolo pa kulumikizana ndi anthu kuposa amene ayamba mochedwa. Chithandizo chake chambiri si cha makina, ndi zomwe inu mungachite pamphasa, ndipo simufunika kudikira dzina la vutolo kuti muyambe. Khalani pansi moyang'anana naye, nkhope yanu ifanane msinkhu ndi yake. Musamulande zitsekerero zija, lowani m'masewera akewo. Tolani zanu mundande pambali pake. Kenako sungani zingapo m'dzanja, mupatseni chimodzi, chachiwiri muchinyamule pafupi ndi nkhope yanu nkudikira kaye, akangokuponyerani diso olo pang'ono, kapena kutambasula dzanja, kapena kutulutsa kamawu kalikonse, mupatseni pompo mukumwetulira nkunena liwu limodzi, "china". Osamukakamiza kuti nena, nena, osamugwira chibwano kuti akuyang'aneni. Muimbireni nyimbo imene amaikonda mukumudumphitsa pamiyendo, muime pakati mudikire kuti apemphe yekha mwa njira yake kuti mupitirize. Mawu anu akhale afupi, madzi, phala, bwera, tsegula, ndipo muzinena nthawi imene chinthucho chili pamaso pake. Posamba, pakudya, popita kudimba, monsemo muli mpata. Azikulu ake muwaphunzitse zomwezo, ana amaphunzitsana msanga.

Foni siyambitsa autism, koma imadya nthawi imene mwana akanayang'ana nkhope za anthu, ndipo WHO imati mwana wosakwana zaka 2 asamaonere nkomwe. Chepetsani pang'onopang'ono. Akalusa musamumenye, kawirikawiri kumakhala kulephera kunena chomwe chamuvuta, phokoso, njala, kapena chinthu chasintha mwadzidzidzi. Samalaninso zitsime, madambo nthawi ya dzinja ndi moto wa kukhitchini, ana amenewa amatha kungonyamuka ulendo osayang'ana m'mbuyo ndipo mukaitana sayankha, ambiri amakopeka ndi madzi. Akafika msinkhu wa sukulu ya mkaka mupititseni, mukawafotokozere alezi mmene alili, musamubise m'nyumba.

Tsiku lopita kuchipatala mupite ndi bambo ake, ndipo ngati apongozi angalole atsagane nanu, akamve okha kuchokera kwa adokotala, chifukwa mukapita nokha mudzabwera ndi uthenga woti inu nokha ndi amene mwaumva ndipo pakhomo mudzayambanso kutsutsana. Musadikire deti la sikelo ya mwezi wamawa, pitani sabata ino, ndipo mukayeza makutu mundilemberenso zomwe apeza kuti tione chotsatira.